Oima Kunja kwa Mpanda

Abba Tesfa, wansembe amene ankamva machimo a banja lathu, anachenjeza amayi mimba yanga itangoyamba kuoneka. "Mukamubisa kukhitchini mtsikanayu, adzayamba kubisaliranso Mulungu." Amayi anangowathirira khofi wina n'kuyamba kukamba za mvula. Abbawo anamwalira ndisanachire, ndipo palibe anaikumbukanso nkhaniyo.

Mimbayo ndinabwera nayo kuchokera kumzinda wa Bahir Dar, kumene ndinkagwira ntchito ya m'nyumba nditamaliza sekondale. Mwini mimbayo ali pabanja. Ndinkadziwa, sindinganame.

Lamlungu lililonse ndinkafunda nsalu yoyera mpaka m'maso, n'kukaima kunja kwa mpanda wa tchalitchi. Kunjako timakhalako ambiri: amene ali kumwezi, amene agona ndi amuna awo, amene alawa kanthu m'mawa. Ndinkawayang'anitsitsa onse. Iwo sabata yotsatira ankalowa. Ine ndinkapsompsona mwala wa pachipata n'kubwerera, ndikudziwa kuti pemphero langa silidutsa mpandawo.

Kwathu mwana wamkazi amabatizidwa pa tsiku la makumi asanu ndi atatu. Masiku a Sosina wanga ndinkawalemba ndi khala kuseri kwa chitseko. Akagona nthawi yaitali ndinkaika chala pamphuno pake, poopa kuti angafe wosabatizidwa chifukwa cha ine.

Litatsala tsiku limodzi, ndinawapeza amayi akuphika injera, buledi wathu wopyapyala.

"Amayi, mawa ndi tsiku lake."

"Tsiku la chiyani?" Sanatembenuke. "Ndiitane anthu adzafunse kuti bambo ake akhala mpando uti? Nanga ndani angavomere kukhala mayi wa ubatizo wa mwana wapathengo?"

Ndinapita kuseri kwa nyumba ndi mwana kumbuyo. Wubalem, mayi woyandikana nafe amene amatcheza kachasu, anasuzumira pampanda wa minga.

"Iwe wasukulu, ukulira kapena ukundithirira tsabola wanga?"

Ndinamufotokozera.

"Ndiye wafunsa ndani?"

"Palibe."

"Palibe! Ndiye sukulu imeneyo? Akukana anthu oti sunawafunse?" Anaseka mpaka kutsokomola.

"Inuyo mungavomere, achemwali?"

Kuseka kunathera pomwepo. Anayang'ana manja ake akuda ndi mwaye, n'kuwabisa m'chovala.

"Usandiseke, mwana iwe. Zaka khumi ndi zinayi sindinadutse chipata chija. Amuna atatu, kachasuyu, ndi zina zoti sungazimve. Ndikamunyamula ine kumadziko, ndimudetsa. Mulungu akandiona amatembenuza nkhope."

Amenewo anali mawu anga enieni, omwe ndinkadziuza tsiku ndi tsiku. Koma potuluka m'kamwa mwa Wubalem, amene anandibweretsera phala ndili chikuta pamene abale anga ankadutsa mozemba, anamveka ngati bodza. Ndinachita mantha. Ngati linali bodza kwa iyeyo, nanga kwa ine?

"Wosambitsayo si inu, achemwali," ndinatero, mawu akutuluka pang'onopang'ono. "Si inenso. Ife n'kungomufikitsa."

Mphika wa Wubalem unayamba kusefukira, koma sanaupenye.

"Pano ayi," anatero pomaliza. "Pano azibambo onse amandidziwa, ena kuposa mmene akazi awo akuganizira. Kutsidya kwa mtsinje kuli tchalitchi cha amonke. Amabatiza dzuwa lisanatuluke. Ndi maola atatu wapansi."

"Akakatibweza?"

"Akakatibweza, tikalira konko. Kumeneko kulibe amayi ako."

Ndinalowa m'nyumba dzuwa likupendeka. Amayi anali akusanja injera m'dengu, ndipo anandiona ndikupinda nsalu yoyera ndi matewera awiri. Ndinadikira kuti afunse. Ndinadikira ngakhale kuti andilalatire. Anangovundikira dengulo n'kutuluka kukatsekera mbuzi.

Mantha sanandichoke. Komabe ndinaika nsapato zanga pafupi ndi khomo, kuti tambala woyamba akamalira, ine, Sosina ndi Wubalem tikhale titafika kale pamtsinje.