Ulusi wa M'kati mwa Kolala

"Tembenuzaninso, alamu," anatero mkazi wa malemu.

Mlamu wake anatembenuza tishetiyo. Kunja kunalibe kanthu. M'kati, pansi pa kolala, munali kadzuwa kopetedwa ndi ulusi wokhuthala.

Maliro anali atangotha. Atatuwo, mayi, mlamu ndi mwana wamkazi, anabwera kudzatsegula shopu kuti aone zotsala. Makina opetera anali duu pakona. Ulusi udakali m'singano. Pansi pa tebulo anapeza thumba la matisheti achikazi. Yachikasu, kadzuwa. Yobiriwira, katsamba. Yoyera, kamwezi. Zonse m'kati.

Mayiyo anasendeza kolala mpaka pamphuno, maso atafinya.

"Amayi, magalasi aja tinanena..."

"Maso anga alibe vuto. Vuto lili apa." Anagwedeza tishetiyo. "Zaka zonsezi bambo ako amapeta pachifuwa, dziko lione. Masukulu, makwaya, matimu a mpira. Wopeta anayamba liti kubisa ntchito yake?"

Anatembenukira mlamu wake.

"Alamu, inu simusowa pabenchi apa. Ndi ndani mkaziyo?"

"Ine ndimangodzawerenga nyuzi, mlamu."

"Nyuzi! N'chifukwa chake mukuthamangira kuti titseke shopu?"

"Ndinangoti mupumeko."

"Ndipuma ndikamudziwa. Ngati alipo, chithunzi chaukwati chija ndichotsa pakhoma lero lomwe."

Kunamveka kugogoda, osati pachitseko koma pansi. Ndodo yoyera inalowa kaye, mwini wake pambuyo. Mayi wamtali, wa magalasi akuda.

"Odi. Ndamva za a Singano. Pepani kwambiri."

"Ndinu ndani?"

"Kasitomala. Ndinasiya matisheti anga."

Mkazi wa malemu anamuyang'ana kuchokera kumutu mpaka kunsapato. Anamukankhira tisheti imodzi m'manja.

"Ngati ndi anu, iyi ndi ya mtundu wanji?"

Zala za mlendoyo zinathamangira kukolala. "Dzuwa. Yachikasu." Anamupatsa ina. "Tsamba. Yobiriwira." Anaseka pang'ono. "Kale ndinkafika kuntchito ngati bilimankhwe wosokonezeka, anzanga osandiuza. Nzeru iyi ndi ya a Singano. Ankati kunja n'kwa anthu, m'kati n'kwanga."

"Basi?"

"Basi, mayi. Munthu uja ukakhala naye ankangokamba za mkazi wake mpaka makutu kuwawa."

Mlamu anatsokomola. "Nyuzi zomwe ndinkanena zija ndi zimenezo."

Mkazi wa malemu sanaseke. Ankapinda matisheti aja, kuwapindanso, nkhope ili gwa.

Mlendo anatambasula dzanja kuti apepese. Linafika paphewa la mayiyo, n'kutsetserekera kumbuyo kwa khosi. Zala zinaima.

"Mwavala yobiriwira lero."

"Mwadziwa bwanji?"

"Tsamba ili."

Mwana wamkazi anayandikira n'kupinda kolala ya amayi ake. Katsamba. Ulusi wokhuthala womwe uja.

"Mwezi watha ababa anatenga mabulauzi anu onse," anatero chapansipansi. "Mukukumbuka?"

"Anati akukalimbitsa mabatani."

"Mabatani anali bwinobwino, amayi."

Mlamu anavula chipewa n'kuyang'ana kumsewu. Basi inadutsa, galasi la zenera linanjenjemera.

Mayiyo sanavule bulauzi kuti aone. Anakhala pampando wa mwamuna wake, kutsogolo kwa makina. Anakweza dzanja kumbuyo kwa khosi, natseka maso. Chala chinapeza tsambalo, n'kuyamba kutsata m'mphepete mwake pang'onopang'ono.