Ekizozi ya Njinga ya Ababa

Kenny ndi mng'ono wanga, bere limodzi, koma tsiku limenelo akanapanda kuthawira kuseri kwa mlamu wake, bwenzi pano ndili kundende.

Ababa anali alangizi a zaulimi ku Dowa, ndipo njinga yawo yamoto inkadziwika ndi kaliridwe kake. Sinali yaphokoso ayi, inkangoti du-du-du chapansipansi, moti amayi ankatereka madzi osamba iyo isanatulukire n'komwe. Itafa inakhala zaka zambiri kuseri kwa nkhokwe, nkhuku zikuikira mazira pansi pake. Shuga atawapha maso Ababa, anandiuza kuti zoona anaona zokwanira, chimene chatsala n'kungoimvanso njinga ija ikulira. Ndinaikweza pa lole n'kubwera nayo kuno ku Kawale.

Ndinaiphwasula yonse pakhonde. Mkazi wanga Fiona anachita kutopa n'kudandaula za mabeseni ake amene ndinkanyikamo zitsulo m'palafini. Pulagi, tcheni, matayala, zonsezo ndinapeza mosavuta. Chinandisowetsa tulo ndi ekizozi, poti mawu a njinga amakhala mmenemo. Ku Biwi, kumene amagulitsa zipangizo za galimoto ndi njinga, ndinayenda mpaka nsapato kutha, aliyense akunditulutsira za njinga zatsopano za kabazazi n'kumati zonse n'chimodzimodzi. Chimodzimodzi chiyani! Yeniyeni ndinakaipeza ku Likuni, kwa mkulu wina wopuma ntchito, ili ndi kachitsulo kake ka m'kati kamene kamafewetsa mawu. Nditaimanga n'kuponda kiki, du-du-du uja anabwerera. Sindibisa, ndinakhala pansi n'kulira.

Ababa amabwera Loweruka ndi achemwali athu kudzaonana ndi dokotala. Lachisanu ndinapita kuntchito mtima uli m'malo. Kenny, amene amayendetsa kabaza, anafika pakhomo n'kuuza Fiona kuti njinga ija akukangoitsukitsa kuti mdala adzaipeze ikuwala.

Madzulo ndikukhota pa chigayo ndinamva chiphokoso ngati akung'amba malata. Ndinatukwana chamumtima kuti anyamata a kabazawa atigonthetsa. Kulowa pageti, ndi njinga ya Ababa! Anaiika timagetsi tofiira ndi tobiriwira, mpando anasintha n'kuika wautali wokwana anthu atatu. Zimenezo ndikanachotsa ndi sipanala. Koma ekizozi anapita nayo kwa wowotcherera, anaidula, n'kukolowola kachitsulo kaja, n'kuimatanso.

Iye ali chilili pambali, mano onse pamtunda, kudikira kuti ndimuthokoze.

"Achimwene, njinga yosalira anthu saipatsa ulemu pamsewu. Pano ndiye ikumveka kuti ndi yamphongo."

Ndinamufunsa ngati anamvapo kuti Ababa akufuna kuyamba kabaza. Ndinamufunsa ngati m'mutu mwakemo muli ubongo kapena phala la gaga. Munthu wosadziwa ngakhale kumanga bawuti, lero wasanduka injiniya pa chinthu cha eni! Iye anangoti amafuna kuthandiza, anzake onse amatero. Apo m'pamene ndinatola sipanala yaikulu, iye n'kuthawira kuseri kwa Fiona. Chondipweteka kwambiri n'choti sankanama, amaonadi ngati wachita zabwino.

Ndinathamangira kwa wowotcherera uja. Anandilozera pamene amataya zidutswa, pali mbee. Anati ogula zitsulo zakutha anadutsa masana n'kusesa zonse.

Loweruka m'mawa ndinachotsa timagetsi tija, ndinabwezera mpando, kenaka ndinatenga sitiliwulo yotsukira mapoto n'kuphatika mu ekizozimo. Ndinkadziwa kuti n'zachibwana, koma nanga ndikanatani?

Ababa anafika atavala jekete yawo yakutchalitchi. Tiyi anakana, anati ayambe amva kaye njinga. Tinawakhazika pampando pakhonde, ndodo ili pakati pa miyendo, mutu atapendeketsa. Kenny anaima patali, pafupi ndi geti.

Ndinaponda kiki. Inayamba bwino pang'ono, kenaka inalavula sitiliwulo yonse ija n'kuyamba kukuwa. Agalu a aneba anayamba kuuwa. Ababa anakwinya nkhope n'kukweza dzanja.

"Mackson, tamuuza wakabazayo achoke pakhomo pano. Ife tikudikira njinga yanga."

Kenny anatsegula pakamwa. Ndinamuyang'ana kamodzi kokha, iye n'kutseka. Ndinathimitsa injini n'kukagwada pafupi ndi mpando wawo.

"Wapita, Ababa. Koma yanu ija sinathe. Kwatsala kachitsulo kamodzi."

Anandifufuza ndi dzanja mpaka anapeza phewa langa.

"Usachedwe nayo, mwana wanga. Makutuwanso ayamba kutseka."