Mbale ya Mikaili

Mikaili anagwa ali pamakina, akusoka diresi pakhonde la sitolo pafupi ndi Msika wa Lilongwe. Thovu kukamwa, miyendo ikuphiriphitha. Anthu anaima patali n'kumajambula ndi mafoni, mumzinda umene kale munthu akagwa amayi ankavula chitenje kumutsamiritsa. Anamunyamula ndi Davison, wogulitsa nsapato, mnzake amene ankadya naye masana.

Kuchipatala dokotala anaonetsa chithunzi cha m'mutu kwa Shamsia, mkazi wa Mikaili, ndi a Bibi, amayi a Mikaili.

"Timadontho iti ndi mphutsi za njoka yam'mimba, ija imachokera ku nkhumba. Zakhazikika mu ubongo, n'chifukwa chake akugwa khunyu."

"Nkhumba?" anatero a Bibi, atagwira pachifuwa.

"Mayi, sikuti anadya nyamayo ayi. Mazira ake amatuluka m'chimbudzi cha munthu amene ali ndi njokayo. Amalowa m'kamwa ndi madzi, masamba osatsuka, manja a wophika."

A Bibi sanamvenso zimenezo. Khutu lawo linatsalira pa mawu oyamba aja.

Atafika kunyumba ku Area 4, a Bibi anayamba kulankhula asanavule n'komwe nsapato.

"Ndinkanena ine. Tsiku ndi tsiku nkhomaliro ndi Davison. Kanyenya wa anthu amenewo umamudziwa iwe?"

"Amayi, Wallahi, sindinalawepo," anayankha Mikaili movutika, lilime litatupa ndi kulumidwa.

"Ndiye nkhumbayo inabwera yokha? Inachita odi?"

"Amayi," anatero Shamsia chapansipansi, "mwina ndi masamba amene ndimagula ine. Madzi amene amawaza kumsika kuja amatunga pansi pa mlatho. Mtsinje uja mukuudziwa mmene ulili masiku ano."

"Iwe, usadzipake matope a mwamuna wako. Bambo ake anaitanira anthu kumzikiti mpaka mawu kutha. Ndikawauza chiyani anthu Lachisanu?"

Mikaili anamwa mapiritsi ake, mutu ukuwawabe.

Madzulo a Bibi anatenga mbale imodzi yachitsulo, naikanda kunsi ndi msomali kuti isasokonekere ndi zina. Anapakuliramo mpunga n'kuika pakhomo pa chipinda cha Mikaili, pansi.

Shamsia anaitola. Anakhala pamkeka pafupi ndi mwamuna wake, nasamba m'manja, n'kuyamba kudya naye m'mbale yomweyo, chitseko chili chotsegula.

A Bibi anawayang'ana. Kenako anabwerera kukhitchini, natolanso msomali uja, n'kuyamba kufunafuna kapu ya Shamsia.