Chipsera cha Kuphazi

Bambo wogwira ntchito ku nyumba yachisoni anali akulimbana ndi loko pamene mayi wina wozolowereka pamalopo anatulukira kuseri kwa chipatala, ambulera ili kukhwapa.

"Mwalawiratu lero, amayi. Alendo angawa sanadzuke," anatero bamboyo.

"Asayerekeze kudzuka ine ndilipo, achimwene. Ndingathawe n'kusiya nsapato."

Ankaseka choncho sabata iliyonse, poti pakhomo ngati limenelo munthu ukapanda kuseka umagwa. Mwana yekhayo wa mayiyu, mnyamata wandevu zake kale, anachoka m'mawa wina kupita kuganyu ndipo sanabwerenso. Apolisi anatopa naye. Abale anasiya kufunsa. Ngakhale kutchalitchi, dzina la mwanayo linayamba kudumphidwa pamapemphero. Chimene chinamutsalira n'kubwera kuno kudzaona mitembo yosowa abale.

Nkhope sankaziyang'ana. Ankangovundukula kumapazi, chifukwa mwana wake anapsa ndi simbi yositira akukwawa, ndipo chipseracho sichinachoke. Akapeza phazi losalala ankati, "Zikomo Ambuye," kenako n'kuchita manyazi, poti phazilo linalinso la mwana wa munthu.

Tsikuli magetsi anali atazima. Firiji yaikulu ija, imene nthawi zonse inkang'ung'udza, inali zii. Kuseri kwa zitseko zake zachitsulo madzi ankadontha, ndipo fungo la mankhwala linali litayamba kugonjera fungo lina.

"Lero alipo mmodzi yekha," anatero bamboyo, nthabwala zitamuthera. "Anamuvuula mumtsinje. Kumaso musavutike, kulibe choti muone."

Anakoka thireyi, mayiyo n'kukweza nsalu. Paphazi lamanja panali chipsera, chotuwa, chofufuma ndi madzi.

"Ndi iyeyu?"

Mayiyo anawerama n'kuyang'anitsitsa chipseracho. Ankakumbukira kulira kwa khanda tsiku lija, fungo la malaya opserera, mmene anathamangira nalo kuchipatala. Koma linali phazi liti? Anayesa kumuona mwanayo akuvula nsapato pakhomo, koma m'mutumo chipseracho chinkangosamuka, uku chili kumanja, uku chili kumanzere. Mantha amene anamugwira anali achilendo, oposa a mtembo.

"Ndaiwala, achimwene. Ine mayi wake, ndaiwala phazi."

Bamboyo anavula magolovesi. "Ndikuuzeni ngati mlongo wanga. Firiji yatikana, uyu mawa akukaikidwa ndi aboma, popanda nyimbo, popanda wolira. Ingonenani kuti ndi wanu. Mulire, muike m'manda, mugone tulo ngati anzanu. Adzakutsutseni ndani? Iyeyu?"

Mawuwo anamukomera mayiyo mpaka anadziopa. Analakalaka manda oti azikasesa, malo amodzi oti aziloza n'kunena kuti ali apa. Analakalaka kusiya kutembenuka mumsewu aliyense wamtali akadutsa. Nthawi yomweyo mkono wa womwalirayo unatsetsereka pansi pa nsalu n'kulendewera m'mbali mwa thireyi, chikhatho chili chotambasula kwa iye.

"Amatero kuzizira kukayamba kuwachoka," anatero bamboyo akuubwezera msangamsanga.

Mayiyo anagwira phazi lozizira lija ndi manja onse awiri n'kutsinzina. Pemphero lake linalibe mawu. Kumwamba sikunayankhe kanthu, ndipo madzi aja anapitiriza kudontha. Anakhala choncho mpaka zala zinachita dzanzi.

"Kutopa ndatopa," anatero potsiriza, "koma sindingakwirire mwana wanga chifukwa chofuna tulo. Ambuye sanandiuze kuti wafa. Phazi ndaiwala ndine, Iwo sanaiwale."

"Nanga uyu?"

"Mundiuze nthawi ya mawayo. Ndibwera ndi nsalu yoyera, ndikokanso amayi a kwaya ngakhale awiri. Ngati ndi wanga, ndiye kuti ndamuperekeza. Ngati ndi wa mnzanga, asadzamve kuti mwana wake anapita ngati galu."

Bamboyo anakankha thireyi ija pang'onopang'ono, ngati akuopa kudzutsa munthu.

Masana a tsiku limenelo mayiyo anakhala pampando wapabalaza n'kumapinda m'mphepete mwa nsalu ya maliro, akuimba chapansipansi, misozi ikumusokoneza kulowetsa ulusi. Chitseko anachisiya chotsegula. Patebulo panali mbale ya mwana wake, yovundikira bwinobwino kuti chakudya chisazizire.