Kabokosi Kosuntha Mawu

Abson Sampa anali munthu wa mawaya. M'kachipinda kakuseri kwa nyumba yawo ku Kabwata anali ndi sinthesaiza yodzipangira yekha, chilimba chamagetsi cha timabokosi tolumikizana ndi zingwe, kalikonse ndi ntchito yake. Aneba ankati akuweta achule, ndipo kunena zoona kaliridwe kake nthawi zina kanali komweko.

Jakisoni wa chifuwa chachikulu anamuchiritsa, koma anamutengera khutu lakumanzere. Dokotala anati mwina lidzatseguka, mwina ayi. Abson sanauze munthu, ngakhale mkazi wake Winifred. Sanalire, sanadandaule. Mumtima munangoti zii.

Mphamvu zitabwerera anayamba kupanga kabokosi katsopano, kopapatiza ngati zala ziwiri, poti malo otsala m'chilimbamo anali omwewo. Ntchito yake inali yosuntha mawu: ukapotokola kabatani, nyimbo imachoka kukhutu lakumanja n'kudutsa pakati pa mutu mpaka kumanzere. Ankadziuza kuti akungotayitsa nthawi. Bodza lenileni. Ankafuna kudziwa ngati khutu labwerera, popanda kukaonanso nkhope ya dokotala.

Tizipangizo anatitolera m'mashopu a ku Kamwala ndi m'mawailesi akufa. Nkhope ya kabokosiko anaidula pa chivundikiro cha poto wakale, Winifred akuyang'ana. Magetsi akabwera ankatenthetsa kachitsulo kowotcherera, n'kumata timiyendo ta zipangizozo ndi mtovu, utsi ukumulowa m'maso. Magetsi akapita ankangokhala, manja pamaondo, kuyang'ana khoma.

Loweruka lina masana anakamaliza. Anakalowetsa m'malo mwake, anamanga masikuluwu, anavala mahedifoni. Kumanja mawu analira bwinobwino. Anapotokola pang'onopang'ono. Mawu anachepa, anachepa, kenako anatha.

"Waya," anadziuza.

Anamasula, anawotchereranso mbali yonse yakumanzere. Anayesa. Zii. Anasintha kabatani, anasintha chingwe, mpaka anadziwotcha chala osamva n'kupweteka komwe. Kutembenuza mahedifoni kukanathetsa nkhani pomwepo, ndipo mwana aliyense akanamuuza zimenezo. Abson ankazidziwa. Sanatembenuze. Munthu akafuna kudzinamiza, ndiye amakhala wakhama zedi.

Winifred analowa ndi tiyi, n'kukhala pa kampando kake ka masiku onse, kumanzere kwa mwamuna wake.

"Atate a Kayla, kasila?" anafunsa m'Chinyanja cha m'tauni ngati kabokosi katha, atagwira phewa la Abson kuti acheuke.

"Kali na vuto. Kumanzele sikalila."

"Leta nimveko."

Abson anafuna kukana, koma manja anapereka okha. Winifred anavala mahedifoni pamwamba pa duku. Abson anapotokola kabatani, maso ali pa nkhope ya mkazi wake. Mutu wa Winifred unapendekera kumanja, kenako unayamba kutsatira mawu ngati munthu woonerera basi ikudutsa, mpaka unakafika kumanzere. Anamwetulira asanaganize. Ndiye anaona maso a mwamuna wake, kumwetulirako n'kuzima.

Kabokosi kanalibe vuto. Kanali kabwino kuposa tonse tomwe Abson anapangapo.

Anadikira kuti chinachake chimupweteke mumtima, koma sichinabwere. Anazimitsa kachitsulo kowotcherera, anapinda chingwe chake, anasonkhanitsa tizidutswa ta mawaya ndi m'mphepete mwa dzanja. Panja ana ankathamangitsana, ndipo phokoso lawo lonse linkachokera mbali imodzi, ngakhale zenera linali mbali inayo.

Winifred anavula mahedifoni n'kuyankhula motsitsa mawu. Abson anaona milomo ikuyenda m'mbali mwa diso, koma sanamve kalikonse. Sanafunse kuti wati chiyani. Anali atatopa ndi kugwedeza mutu pa zinthu zomwe sanamve.

Mkaziyo anaimirira. Ananyamula kampando kaja, komwe kanakhala malo amodzi chikwatiranireni mpaka kusiya zipsera pa simenti, n'kuzungulira nako kumbuyo kwa mwamuna wake. Anakaika kumanja, anakhala, anasuntha kapu ya tiyi kuti ifike pafupi.

"Nakamba ati nenze ninaziba," anatero, kubwereza mawu aja oti za khutulo ankazidziwa kale. "Kuchokela tsiku munatuluka m'chipatala."

Abson anagwira kapu ndi manja onse awiri. Mahedifoni anali pathebulo, kabatani kali kumanzere, akulirabe mbali yomwe iye sadzaimvanso.

"Imwani," anatero Winifred. "Izazizila."