Madzi Ozizira mu Galimoto ya Bambo

Atafika pakati pa msewu wokwera phiri la Zomba, a Gilson anayamba kugogoda kagalasi ka geji yoonetsa kutentha kwa injini ndi chala.

"Taona singano iyi, yadutsa pakati. Injini ipsa iyi!"

Stacey, mwana wa mlongo wawo, anasuzumira kudzera mu velo. Singano inali pomwe inkakhala nthawi zonse akamakwera phirili ndi malemu bambo ake, kupitirira pakati pang'ono, kutali ndi pofiira. Galimotoyo inali yamakedzana, yobiriwira, ya mipando iwiri, yopanda denga. Bambo akewo ankaipukuta kuposa mmene ankapukutira mamina a ana awo. Ali gone m'chipatala anamuuza kuti pa ukwati wake adzakwere imeneyo, iwo alipo kaya palibe. Tsikulo linali limeneli. Mkwati, Luka, ankadikira pamwamba pa phiri pamodzi ndi abusa ndi mayi ake a Stacey.

"Malume," anatero chapansipansi, "bambo ankati imeneyi imayenda bwino ikafunda chonchi."

"Bambo ako ankadziwa choko cha ku koleji. Ine ndakalambira pa minibasi za ku Songani. Singano ikadutsa pakati timathira madzi, basi."

Anaima pafupi ndi kamtsinje kotsika m'mapaini, n'kuzimitsa injini. Minibasi ya amayi oimba imene inkawatsatira inaimanso, nyimbo n'kudukira pakati. A Gilson anatukula boneti, n'kuitanitsa chigubu.

Stacey anagwira chitseko kuti atsike. "Malume, musatsegule ikadali yotentha. Madzi a m'phiri muno ndi ozizira kwambiri, bambo ankati..."

"Iwe!" A Safina, mlangizi wake, anali atafika kale, ndipo anamutsina pamkono. "Tinakuuza chiyani kuchilangizo? Mkwatibwi sakweza mutu. Ukukangana ndi malume ako pamsewu, akuchimuna ali m'minibasimo akuonera? Ufuna akanene kuti tinawapatsa wapakamwa? Werama!"

Anawerama. Zotsalazo anangozimva ndi makutu, maso ali pa maluwa amene anali pamiyendo pake. Anamva chitsekerero cha rediyeta chikutseguka, madzi owira akuphulika, a Gilson akudumpha ndi kutukwana. Anamva amayi oimba aja akuti, "Mwaona? Ikanapsadi!" Kenako madzi a mumtsinje anayamba kulowa, chigubu chikulira gubudugubudu. Pansi pa boneti panamveka kaphokoso kakang'ono, ngati mbale yadothi ikang'aluka. Palibe amene anakalabadira. Stacey yekha ndiye anakamva.

"Yapola tsopano," anatero a Gilson akupukuta manja. "Zinthu izi zimafuna odziwa."

Injini inalira, koma sanali mawu ake aja. Inkatsokomola, ikugwedeza galimoto yonse. Kumbuyo kunatuluka utsi woyera wonunkha chinyezi. Inayenda pang'ono, n'kuzima. Anayesanso, osatheka. Dalaivala wa minibasi anabwera, n'kusolola kachitsulo koyezera oyilo. Kanatuluka ndi thovu lotuwa ngati tiyi wamkaka.

"Akulu, hedi ya injini yang'aluka iyi, madzi alowa mu oyilo. Ya mtundu umenewu muipeza kuti m'Malawi muno?"

A Gilson anakanda m'mutu. "Inali yotha kale. Galimoto zakalezi n'chimodzimodzi nkhalamba."

Stacey analira, ndipo a Safina anakondwa. "Eya, mkwatibwi wolangizidwa amatero. Koma usafute zodzoladzola."

Anamukweza m'minibasi, diresi atalipinda m'manja, n'kumupanikiza pakati pa makireti a zakumwa. Galimoto anaikankhira m'mbali, n'kuika mwala kutayala, maliboni akulendewerabe. Amayi anayambiranso nyimbo pomwe anaisiyira.

Pamwamba pa phiri anthu analulutira minibasi itaima. Mayi ake a Stacey okha sanalulutire. Anali atavala chitenje chimene ankavala akamapita kokayenda ndi amuna awo, ndipo ankayang'ana kumbuyo kwa minibasiyo, kumsewu wopanda kanthu.

"Ya bambo ako ikubwera pambuyo?" anafunsa mwana wawo atatsika.

A Safina anamukodola kuti awerame. Stacey anatukula velo yekha, n'kuwayang'ana mayi ake m'maso.

"Ayi, amayi. Sidzakweranso."