Tizitsulo Topendekeka pa Gitala ya Ghizlane

Tsiku limenelo chifunga chochokera kunyanja chinakana kuchoka mpaka masana, ndipo matabwa onse m'shopu mwanga ankazizira ngati anyowa. Nyengo yotere guluu sagwira msanga, choncho ndinangokhala pabenchi n'kumanola tchizulo.

Dzina langa ndine Bouchaib. Ndimapanga ndi kukonza udi, choimbira cha nsambo chokhala ngati gitala ya mimba yobulungira, kuno ku Casablanca, m'kanjira ka kuseri kwa msika wa Habous, zaka makumi anayi tsopano. Udi ilibe tizitsulo topingasa pakhosi pake. Chala chimadzifunira chokha pamene pali mawu. Magitala ndimakonzanso akabwera, a ana asukulu ndi a oimba m'maukwati.

Ghizlane, mwana wanga mmodzi yekhayo, analowa atabereka chikwama chakuda chachitali. Panali patatha zaka ziwiri osaponda pakhomo panga. Anachoka sabata imene tinaika amayi ake, Zhor. Tsiku lachinayi la maliro ndinamupeza kuchipinda akuimba gitala motsitsa, ndipo ndinati, "Phokoso lakoli ndi limene linawatopetsa amayi ako." Mawu okhawo. Analongedza katundu, ine sindinamutsatire.

"Ababa, muli bwanji?"

"Ndili bwino."

"Mwaonda."

"Ndi malayawa."

Anaika chikwama patebulo n'kuchitsegula. Munali gitala yamagetsi, yakuda, khosi lake lotambalala ngati chikhatho changa. Ndinawerenga nsambo kawiri. Zinali zisanu ndi zitatu.

Miloud, amene amasoka mipando pakhomo loyandikana ndi langa, amamva chitseko changa msanga kuposa mmene amamvera kuitana kwa kumzikiti. Analowa ndi tambula ya tiyi m'manja.

"Ee, Ghizlane! Ife tinkati unakwatiwa ndi Mzungu wa tsitsi lofika m'chiuno. Nanga ichi n'chiyani? Gitala kapena thabwa lositirapo zovala?"

"Amalume Miloud, mukadali moyo? Ndinamva kuti mipando yanu yapha anthu atatu."

"Awiri. Wachitatuyo anangothyoka msana." Anaweramira patebulo. "Nsambo zonsezi! Zala uli nazo zingati, mwana iwe?"

"Ziwiri zonenepazi n'zoti zizibangula. Nyimbo zathu zonse zimakhala pa iyi."

Anakhudza yonenepa kwambiri, yonga waya wa buleki ya njinga. Ngakhale popanda magetsi, mawu ake ndinawamva m'thabwa la tebulo. Ghizlane amaimba m'bandi ya nyimbo zaukali zija amati metal. Anayamba ali kusekondale, ndipo amayi ake ndiwo ankamutsegulira chitseko akachedwa.

Ghizlane anandionetsa kachitsulo kachisanu pakhosi pa gitalayo.

"Aka katukuka kumapetoku, kakundicheka chala. Kokhaka basi, Ababa. Ndikupita ku Tanja ndi zakuntchito, ndibwera Lachisanu la sabata yamawa. Loweruka lake tikukajambula nyimbo ku Rabat. Atipatsa tsiku limodzi, ndipo taliyembekezera chaka chathunthu."

"Kwanuko ku Maarif kulibe okonza?"

Funso limenelo silinafunike.

"Aliko. Ndabwera kuno."

Analemba nambala ya foni papepala n'kuisiya pansi pa botolo la guluu. Ali pakhomo anacheuka.

"Lachisanulo mwina ndidzadya kuno. Kusikusi ndidzaphika ine. Wanu amakhala ngati simenti."

Atapita, Miloud anandikodola ndi chigongono.

"Wamva? Lachisanu. Mwana wabwerera yekha, iwe usachitenso zako zija. Mulungu anakupatsa pakamwa, si podyera pokha."

Kachitsuloko ndinakakonza tiyi wa Miloud asanazizire. Dontho la guluu, nyundo kawiri, tupa pang'ono. Ndikanabweza gitala m'chikwama pomwepo. Koma ndinaiimika pawindo kuti ndione khosi lake, monga ndimachitira ndi chilichonse chobwera m'shopu muno, ndipo ndinaona kuti tizitsulo tonse tinali topendekeka. Takumutu tinatsamira mbali ina, takumunsi mbali inanso, ngati zala za dzanja lotambasula. Ndinaikapo sikweya. Kamodzi kokha, kachisanu ndi chinayi, ndiko kanali kowongoka. Fupa lakumutu podutsa nsambo linali lopendekeka. Zitsulo zomangirirapo nsambo kumunsi zinali zosiyana, china kutsogolo china kumbuyo.

Zinthu zokanidwa kufakitale ndaziona zambiri. Zimatsika padoko, zimagulitsidwa kwa osadziwa. Ndinati m'mtima, mwana wanga anamubera poona kuti ndi mkazi, ndipo wakhala akuimbira chinthu chokhota bambo ake ali moyo, ndi sikweya m'manja. Zimenezo zinandiwawa.

Pepala la nambala linali pomwepo. Zhor akanaimba foni. M'nyumba mwathu wofunsa mafunso anali iyeyo. Ine amene anandiphunzitsa ntchito ankati mmisiri wofunsa mwini chinthu wavomera kuti sadziwa. Munthu akabwera ndi vuto limodzi, iwe umakonza onse amene wawaona, osanena kanthu, iye akazindikira yekha poimba. Ndi mmene timapatsira ulemu pantchito yathu. Kupepesa sindinkadziwa poyambira. Kuwongola ndinkadziwa.

M'mawa mwake Miloud anandipeza ndikutenthetsa simbi.

"Ukusita chiyani? Unamufunsa mwanayo?"

"Ayi."

"Nanga ngati anapendeketsa dala?"

"Angapendeketse dala ndani?"

"Azungu amang'amba dala mathalauza m'mawondo n'kumagulitsa modula. Iwe sukuwadziwa."

"Kasoke mipando yako."

Ndinatenthetsa thabwa la pakhosi, lija pamakhala tizitsulo, kuti guluu afewe. Guluu wa kufakitale samvera simbi ngati wathu. Thabwalo linatuluka zidutswa zitatu. Sindinadandaule, poti linali lokhota kale. Ndinatsitsa phingo amene ndinasunga zaka makumi awiri kudenga, amene ndinakaniza oimba otchuka awiri. Utali ndinayezera pa nsambo yowonda kwambiri, chifukwa yowonda ukaitalikitsa imaduka, aliyense amadziwa. Zina zonse ndinazibweretsa pa muyeso womwewo. Yonenepa ija inali yaitali kuposa zinzake ndi zala ziwiri. Ndinasuntha chitsulo chake, mabowo akale ndinawatseka ndi timitengo, ndinapaka utoto wakuda mpaka ine mwini sindinkawaonanso. Timabokosi totola mawu nato tinali topendekeka, koma ndinatisiya. Zamagetsi si ntchito yanga.

Zinanditengera masiku asanu ndi anayi. Udi ziwiri za anthu zinadikira. Tizitsulo makumi awiri ndi tinayi, kalikonse kowongoka pa sikweya, kalikonse kosalala koti n'kudutsapo nsalu ya silika. Ndinakunga nsambo ndi khutu, ndipo mawu onse anagwa pamalo pake kuyambira kumutu mpaka kumunsi. Sindinagwirepo ntchito yoposa imeneyo. Nsambo yonenepa ija ndinaimva kuti yafewa pansi pa chala. Ndinaimva ndithu. Ndinati ndi nyengo.

Lachisanu m'mamawa ndinagula nyama ya nkhosa, dzungu, kabichi, kaloti ndi anyezi, n'kuziika kukhitchini kumwamba. Ndinasesa masitepe. Ghizlane anafika cha m'ma teni ndi mwamuna wamtali wandevu atanyamula chimkuzamawu chaching'ono.

"Uyu ndi Othmane, woimba ng'oma m'bandi mwathu."

"Ulemu wanu, madala," anatero Othmane. "Uyu amakutchulani tsiku ndi tsiku. Akuti bambo anga amamva thabwa likamanama."

"Khala chete iwe, ungolumikiza mawaya," anatero Ghizlane, koma akumwetulira.

Ndinaika chikwama patebulo. Anachitsegula. Kumwetulira kuja kunatha pang'onopang'ono.

"Iyi si gitala yanga."

"Ndi yako."

"Ababa, mwachita chiyani?"

"Ndawongola."

Othmane anati, "Mulungu wanga," n'kukhala pa mpando wopanda kumupatsa.

Ghizlane anakoleka gitala paphewa, analumikiza waya. Nsambo zowonda zinalira bwino, moyera, mwakuti Miloud anatulukira pakhomo. Kenako anamenya yonenepa ija mmene amamenyera iwo, mwamsanga, mkono uli pansi. Inakupiza ngati chingwe choyanikapo zovala kukakhala mphepo, n'kumagunda tizitsulo. Mawu ake ankakwera akaimenya, n'kutsika, osakhazikika paliponse. Kubangula kunalibe. Kunali kubwebweta. Anaikunga, inalimba, koma mawu anakwera kupitirira pamene nyimbo zawo zimakhala. Anaibweza. Inayambanso kukupiza.

Anazimitsa chimkuzamawu.

"Zinapendekeka dala, Ababa. Yonenepa imafuna utali kuti ikungike. Yowonda imafuna kufupika. N'chifukwa chake ndinagula imeneyi osati ina. Inu mwazimeta zonse mofanana."

Ndinamvetsa asanamalize. Kanuni, choimbira chija cha nsambo zambiri chogoneka pamiyendo, ndakonzapo kosawerengeka, ndipo mbali yake imodzi ndi yopendekeka pa chifukwa chomwecho. Ndakhala ndikuzidziwa zaka makumi anayi. Pa gitala ya mwana wanga sindinazione.

"Tiikepo nsambo yonenepa kuposa iyi," anatero Othmane. "Mwina ilimba."

"Uipeza kuti?" anatero Ghizlane. "Ndiuze. Izi zomwe ndinaitanitsa ku Sipeini, zinatenga masabata atatu."

"Tibwereke gitala."

"Kwa ndani? Tchula."

Othmane anakanda ndevu. "Ya nsambo eyiti ina ili ndi Yassir, ku Marrakech."

"Yassir sabwereketsa ngakhale fodya. Gitala ikabwera, abwera nayo mwini wake."

"Nyimbo zathu amazidziwa," anatero Othmane motsitsa, akuyang'ana pansi. "Tsiku lija sitingalisunthe, Ghizlane. Ukudziwa wekha. Anyamata savomera."

"Ndiye kuti aimba iyeyo. Nyimbo zanga."

Othmane anayamba kukulunga mawaya.

Ghizlane anatembenukira kwa ine. "Bwezeretsani thabwa lakale. Lero lomwe, ndikuthandizani."

Ndinatsegula dirowa n'kutulutsa zidutswa zitatu zija. Anazitenga, anayesa kuzilumikiza m'manja, anazisiya.

"Kupanga lina ngati limeneli, masiku angati?"

"Masabata awiri."

"Nambala ndinakusiyirani. Si iyo, pansi pa botolo, pomwe ndinaisiya. Funso limodzi, Ababa. Limodzi lokha."

Miloud analowa. Nthabwala analibe.

"Mwana wanga, bambo akowa masiku asanu ndi anayi sanawongoke msana. Phingo ameneyu anakaniza anthu akuluakulu. Ankafuna kukuchitira zabwino."

"Ndikudziwa, amalume. N'zimene zikundipweteka. Chilichonse changa iwowa amachiona chokhota. Sanafunsepo chifukwa chake, ngakhale tsiku limodzi."

Mawu ndinali nawo. Koma amene anatuluka ndi awa:

"Isiye. Ndikonza."

"Ayi. Musaikhudzenso."

Anaiika m'chikwama, anatseka zipi mpaka kumapeto.

"Ndagula nyama," ndinatero. "Ili kumwamba."

"Muwapatse amalume."

Anagwira dzanja langa n'kulipsompsona mwachangu, mmene amachitira ndi nkhalamba iliyonse yokumana nayo pamaliro. Anatuluka. Othmane ananyamula chimkuzamawu, anaima pakhomo.

"Pepani, madala. Ntchitoyo ndi yokongola, sindinaonepo. Kungoti..."

Sanamalize. Anamutsatira.

Kumzikiti ndinapita, koma ulaliki sindinaumve. Nyama ndinapereka kwa mkazi wa Miloud. Ananditumizira mbale yake, ndinaivundikira.

Loweruka ndinatsegula shopu monga mwa masiku onse. Lamulungu ndinatenga pepala lija n'kuimba. Foni inalira mpaka inaduka yokha. Lolemba chimodzimodzi. Lachitatu Miloud anakumana ndi Othmane pamalo okwerera basi, ndipo anabwera kudzandiuza asanavule n'chipewa chomwe. A bandi aja anajambula ndi Yassir. Zinayenda bwino kwambiri, moti anyamatawo akuti mwina apitirize naye. Ghizlane ku Rabat sanapite. Wapempha kuntchito kuti amusamutsire ku Tanja.

"Ndipo gitalayo?" ndinafunsa.

"Ukufunsa za gitala? Iwe ndiwe munthu kapena chitseko? Kwera sitima, upite ukagwade kwa mwana."

"Sandilandira."

"Wayesa?"

"Ndikanena chiyani?"

"Kuti pepa! Mwana wa zaka zitatu amadziwa."

"Pepa sakunga nsambo."

Miloud anamenya tebulo ndi chipewa. "Zhor anapirira zambiri, Mulungu amuchitire chifundo." Anatuluka, ndipo tsiku limenelo tiyi sanabwere naye.

Ndikudziwa kuti gitala ija sidzabweranso m'shopu muno, ndipo ngakhale itabwera, tsiku la ku Rabat lapita. Phingo wina wotero ndilibe.

Ndinatulutsa zidutswa zitatu zija m'dirowa, ndinazimata pa thabwa lathyathyathya, ndipo guluu atagwira ndinayamba kuyeza kupendekeka kwa kachitsulo kalikonse n'kumalemba papepala.